Nsima Ikuima Pachifuwa, Apongozi Akuti Ndidadyetsedwa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 46. Kwathu ndi ku Tsangano koma ndidakwatiwa ku Macanga, kufupi ndi Furancungo ku Mozambique, komwe ine ndi bambo a kunyumba timalima fodya. Papita zaka ziwiri tsopano nsima ikundivuta kumeza. Idayamba ndi kuima pachifuwa mpaka nditapondereza ndi madzi, kenaka ndidayamba kutsokomola usiku ndi kubanika ndikamakwera chitunda ndowa ili pamutu. Mng'ono wanga ndiye adandikakamiza kupita kuchipatala. Adanditumiza uku ndi uku, adandijambula, adandimezetsa kapaipi kokhala ndi diso kunsonga. Pamapeto pake adokotala adati m'khoma la mmero wanga muli chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, chochokera ku mtsempha, ndipo zikuoneka kuti si khansa. Papepala adalembapo mawu oti schwannoma. Akuti palibe jakisoni kapena mapiritsi ake, koma opaleshoni ya pachifuwa ku chipatala chachikulu kutali.

Apongozi anga akukana. Akuti ndidadyetsedwa pa ukwati wina ndipo pali asing'anga odziwa kusanzitsa. Ndapitako kale kawiri, tidapereka mbuzi, ndidasanza mpaka kukomoka, koma nsima ikuimabe. Bambo a kunyumba akuti ngati si khansa mpeni ngwachiyani, tidikire kaye tigulitse fodya. Inenso ndikuopa kuti akakandigoneka sindikadzuka. Kalata yotumizira ndidaibisa pansi pa sutikesi, mwezi wachinayi uno. Ndichite bwanji?

Wodandaula, Macanga

Mwana wanga,

Pansi pa sutikesi! Ndiye kalatayo ikutani kumeneko, ikufungatira mazira? Ndawerenga kawiri poganiza kuti mwina maso aukalambawa akundinamiza, koma ayi ndithu, mwezi wachinayi. Mbatatesi ya kwanu ku Tsangano ukaibzala lero, miyezi inayi ikamakwana umakhala ukukumba ndi kusoka matumba. Nanga iwe m'miyezi inayi wakolola chiyani? Mbuzi yapita, nthiti zalema ndi kusanza, ndipo chitenje ndikhulupirira kuti wayamba kuchizunguliza kawiri m'chiuno. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwanawe, ndipo iyeyo analibe ndi kalata ya adokotala yomwe.

Yala mphasa ukhale pansi, ndikuuze chinthu chimene onse akukuzungulirawo sadakuuze: iwe uli ndi mwayi. Ndikudziwa kuti munthu wotsamwa ndi nsima kumuuza za mwayi kuli ngati kumunyogodola, koma tamva. Dera lathu lino, kuyambira ku Malawi mpaka mayiko a kummawa kwa Africa, ndi limodzi mwa madera amene khansa ya kummero yazika mizu kwambiri padziko lonse, ndipo Malawi amatchulidwa pamwamba penipeni. Msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu ukuudziwa, uja mbali ino ndi Malawi, ukangodumpha phula uli ku Mozambique. Ukuganiza kuti matenda amaima pamenepo n'kudinditsa pasipoti? Nsima ndi yomweyo, utsi wa m'khitchini ndi womwewo, kachasu ndi fodya ndi zomwezo, tiyi wowotcha lilime wa m'mawa wa June ndi yemweyo. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, anthu ambiri ovutika kumeza amafika nthenda itapita kale patali, ndipo chimene madokotala amatha kuchita n'kungoika kapaipi kotsegula njira kuti munthu azimezako phala m'masiku ake otsala.

Ndidali ndi mnzanga amene tinkagulitsa naye tomato. Adayamba monga iwe, kupondereza mbamu ndi madzi. Mvula yoyamba ikugwa ankadya nsima yofewa, chimanga chikumasula adali pa phala, pokolola ngakhale malovu ankalavulira m'kachitini kamene kankakhala pansi pa bedi. Chaka sichidathe. Tsiku lomwe adokotala adamuuza dzina la nthenda yake ndidali pakhomo la chipindacho nditanyamula basiketi, ndipo akadamva mawu amene iwe udamvawo, oti zikuoneka kuti si khansa, bwenzi atavina chintali m'khonde la chipatala. Iwe wamva mawu omwewo n'kukawatsekera mu sutikesi pamodzi ndi nsalu za ku tchalitchi.

Tsopano chinthu chili m'chifuwa mwakocho ndikufotokozere m'chinenero cha kumudzi. Mmero ndi kanjira ka mnofu kotalika pafupifupi masentimita 25, kochokera kukhosi kutsikira m'mimba, ndipo khoma lake lili ndi zikutu ngati anyezi. M'kati mwa khomalo mumadutsa timitsempha timene timalamula mnofu kuti ukankhe chakudya. Waya wa sola uja ali padenga panu udamuona bwino? M'kati muli chitsulo, kunja kuli chikutiro cha pulasitiki. Mitsempha nayonso ili ndi chikutiro chake, ndipo amene adachifotokoza ndi katswiri wa ku Germany, Theodor Schwann, zaka za m'ma 1800. Chikutirocho chikayamba kukula mopanda mwambo pamalo amodzi chimaundana n'kukhala chibulumwa, n'chifukwa chake papepala lako alembapo dzina lomveka ngati munthu akuyetsemula. Zotupa za mtundu umenewu zimakonda kumera kumutu, m'khosi, m'manja ndi m'miyendo. Kummero zimapezeka mwa apo ndi apo kwambiri, moti choyamba chidalembedwa m'mabuku a madokotala mu 1967, ndipo dokotala atha kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nacho. Zikapezeka, kawirikawiri zimakhala mwa amayi a msinkhu wakowu, chakumtunda kwa chifuwa. Ndiye usadzione ngati wolodzedwa. Wangokhala mbalame yosowa basi, ndipo ukakafika kuchipatala chachikuluko usakadabwe ana a sukulu ya udokotala atakuunjirira ngati waponya chimanga pakati pa nkhuku.

Kusiyana kwake ndi khansa n'kotere. Khansa ili ngati kapinga m'dimba: imayanga, imalowerera paliponse, ukazula apa yatulukira apo. Chakochi chili ngati mbatatesi imodzi mumzere. Chili ndi khungu lakelake, chimakula pang'onopang'ono, chimatukumula dothi, koma sichithamangira kuchiwindi kapena kumapapo. N'chifukwa chake wakhala nacho zaka ziwiri uli chiyendere. Ndipo n'chifukwa chakenso kapaipi ka diso kaja kadangoona chitunda chosalala, popanda bala, pakuti chotupacho chili kuseri kwa khungu la m'kati. Madokotala akatsinako kanyama pamwamba nthawi zambiri amangotenga khungu labwinobwino. Kujambula kumawauza kukula kwake ndi pamene chakhala, koma zotupa zina za m'khoma la mmero, makamaka zochokera ku mnofu zomwe ndiye zimapezeka kawirikawiri, zimaoneka chimodzimodzi pa chithunzi. Dzina lenileni limatsimikizika kanyama kake kakafika ku labotale, n'kukapaka mankhwala ofufuzira chizindikiro chotchedwa S-100. Waona chifukwa chake adokotala ako adati "zikuoneka"? Sadali kukubisira kanthu. Ndi munthu woona mtima amene sanena kuti mphika wapsa asanavundukule. Mwa zotupa zoterezi mumapezeka china chimodzichimodzi choipa mtima, ndipo icho chokha ndi chifukwa chokwanira choti chituluke akachione bwinobwino.

Tibwere kwa bambo a kunyumba, amene akuti ngati si khansa mpeni ngwachiyani. Amuna inu! Kawafunse kuti chimwala chikagubuduka n'kukhala pakati pa msewu wa ku Furancungo, lole ya fodya imadutsa chifukwa choti chimwalacho si mkango? Mmero ndi kholingo zimagona moyandikana ngati ana awiri pamphasa imodzi, kholingo kutsogolo, mmero kumbuyo. Mmodzi akatupa, mnzake amapanikizika. Kubanika kwako pachitunda ndi kutsokomola kwa usiku mwina n'kumeneko, chotupa chayamba kutsamira njira ya mpweya. Ndipo pali nkhani ina imene iwowo monga mlimi aimvetsa msanga. Chikadali chaching'ono, madokotala amang'amba mnofu wa kunja kwa mmero, n'kuchisenda, n'kuchitulutsa chathunthu ngati mmene umafukulira mbatatesi imodzi osagumula mzere, khungu la m'kati osaliboola, kenaka n'kusoka. Kumene kuli zipangizo amatha kuchita zimenezi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ndi kamera, kwina amatsegula pakati pa nthiti, kawirikawiri mbali ya kumanja. Koma chikakula kwambiri n'kumatirira, pamafunika kudula chigawo cha mmero ndi kukokera chifu m'mwamba kuti alumikize. Imeneyo ndi opaleshoni yaikulu, masiku ogona m'chipatala ndi ambiri, ndalama zokhalira kumeneko ndi zambiri. Mwezi uliwonse umene akuti tidikirewo akukweza okha mtengo. Fodya amadikira m'chigafa, sathawa. Ndipo ndifunseko mwachipongwe: ikadakhala ng'ombe yawo yapangolo ikulephera kumeza, akadadikira msika?

Koma usawakalipire. Mwamuna akamati tidikire, nthawi zambiri m'mimba mwake muli mantha omwewo ali mwa iwe, kungoti iye adaphunzitsidwa kuwaveka jekete. Akuona ana, akuona munda, akuona bedi lopanda iwe. Muuze usiku, ana atagona, kuti nawenso ukuopa. Ukatero udzaona jekete lija likuvulidwa.

Za apongozi ndiyenda mosamala, pakuti mawa udzafuna munthu wokusungira ana ndi nkhuku. Mayiwo sakukuda. Munthu wokuda sataya mbuzi chifukwa cha iwe. Akuchita zimene adaona amayi awo akuchita, ndipo m'moyo wawo aona anthu ambiri atapita kuchipatala ndi vuto la kummero n'kubwerako m'bokosi, osadziwa kuti anthuwo adapita mochedwa ndiponso ndi nthenda ina. Ine za kudyetsedwa sinditsutsana ndi munthu, ndakalamba ndipo ndamva zambiri. Ndingofunsa kuti mwasanza kawiri konse, m'beseni mudatuluka chiyani? Kaya adakuonetsani tsitsi, kaya kakhala, kaya kachikumbu, nsima ikuimabe pomwe inkaima. Masanzi amachokera m'mimba n'kudutsa m'njira, pamene chotupa chili m'kati mwa khoma la njirayo. Madzi othamanga mumkwasa sakumba mbatatesi ili mumzere. Ungasanze mpaka Khirisimasi, chidzangokuyang'ana. Choopsa n'chakuti munthu wa mmero wopanikizika akamasanzitsidwa mwamphamvu, masanzi atha kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo, mmero utha kung'ambika n'kutaya magazi, ndipo thupi limene likufunika mphamvu za opaleshoni likungotsanulidwira m'beseni. Kachitatu usapiteko, mwana wanga. Ukakomokanso, mwina sudzadzuka ndi madzi okuwaza kumaso.

Njira yowagonjetsera apongozi si mkangano wa pabwalo. Itana mng'ono wako uja, amene ndikuona kuti ndiye ali ndi mutu m'banja mwanu, ayitane amalume ako ku Tsangano. Nkhani ya mpeni pathupi la mwana wa eni ake sagamula ndi akuchimuna okha, eni mbumba ayenera kukhalapo. Akakhala pansi, tulutsa chithunzi cha kuchipatala chija uwaonetse ndi chala pamene pali chotupa. Anthu akuluakulu amakana mawu koma chinthu choona ndi maso amachilemekeza. Kenaka uwapatse apongozi ntchito yaulemu: iwo ndiwo atsogolere pemphero la ulendo, iwo ndiwo asunge makiyi a nkhokwe. Munthu ukampatsa mpando sagwetsa msonkhano.

Tsopano mantha akowo, oti akakakugoneka sukadzuka. Sindikunamiza kuti opaleshoni ya pachifuwa ndi kumeta tsitsi. Ili ndi zoopsa zake: kutaya magazi, chibayo, msoko kudontha, ndipo nthawi zina mawu amasasa chifukwa mtsempha wa mawu umadutsa pafupi pomwepo. Ukawafunse adokotala zonsezi chimodzichimodzi, usakachite manyazi, safunsa adadya phula. Ukafunse kuti akachotsa chotupa chokha kapena ndi chigawo cha mmero, ukagona masiku angati, pakufunika anthu angati opereka magazi. Ngati Chipwitikizi chimakuthawa ukanjenjemera, tenga wachibale wodziwa kumasulira, osati mwana wa sukulu wamanyazi amene adzangoti "akuti zili bwino". Koma dziwa kuti asanakugoneke amayeza magazi, mtima ndi mapapo, ndipo pali munthu amene ntchito yake yonse ndi kukhala kumutu kwako kuyang'anira mpweya ndi kugunda kwa mtima mpaka utatsegula maso. Asing'anga aja pokukomola adaika ndani kumutu kwako? Komanso iwe ndi mwana wa ku Tsangano wa zaka 46. Ndiye kuti nkhondo ya ku Mozambique ija idakupeza uli kamtsikana, nthawi imene midzi yambiri ya kumeneko idathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka mtendere wa 1992. Wabereka, walima fodya, wasenza mitolo m'mapiri ozizira aja. Mtima umene udapirira zonsezo usaunyoze.

Ukadzuka udzapeza kapaipi kotuluka m'nthiti kochotsa madzi ndi mpweya, mwina kenanso m'mphuno. Usadzakuwe kuti akulakwitsa, ndi mmene zimakhalira, ndipo amachotsa pakapita masiku ochepa. Masiku oyamba sadzakulola kudya, ngakhale fungo la chakudya cha bedi loyandikana likuzunze chotani. Apa ndiye pofunika mlezi womvera malamulo, osati azakhali ako ena achifundo chopha amene adzakubisire kambamu m'chitenje. Nthawi zambiri amayamba akumwetsa mankhwala ooneka pa chithunzi n'kujambula kuti aone ngati msoko wagwira, kenaka madzi, kenaka phala lamadzimadzi, nsima pambuyo. Anamwino akadzati khosomola, puma mokoka, dzuka uyende, udzawaona ngati afiti chifukwa nthiti zidzakhala zikupweteka. Kumbatira pilo pabalapo n'kukhosomola ndithu, n'zimene zimathamangitsa chibayo. Ukabwerera kumudzi, khasu, mtondo ndi ndowa uzipatse tchuthi mpaka adokotala atakumasula. Bambo a kunyumba adziwe kumene kuli chitsime, sadzafa nazo. Ndipo zotsatira za ku labotale ukazitenge ndithu, ngakhale utamva bwino chotani, pamodzi ndi masiku onse obwereranso amene adzakulembere. Chotupa chotere chikachotsedwa chonse sichikonda kubwereranso.

Za ulendo tsopano. Mawa m'mawa tulutsa kalatayo upite nayo kumene adakulembera, ukanene zoona kuti udachita mantha. Akakukalipira pang'ono meza, sizingakutsamwe ngati nsima. Mwina adzafuna kujambulanso poti papita nthawi, ndipo iwo ndiwo adzakuuze kolowera, kaya kudzera ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kaya mpaka ku Beira kapena ku Maputo. Kutali ndithu: kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ku Maputo ndi oposa 1,500. Ndikudziwa kuti anthu a m'malire mumathamangira ku Ntcheu kapena ku Dedza mutu ukawawa, ndipo wina adzakuuza kuti ungolowera ku Lilongwe. Kulikonse kumene mungagwirizane, usayambirenso pachiyambi ngati munthu wopanda mbiri, ndipo usamadumphedumphe zipatala ngati njuchi pamaluwa. Mapepala onse, zithunzi zonse, uziike m'pulasitiki imodzi, ujambulenso ndi foni ya mng'ono wako kuopa mvula ndi mbewa. Ndalama zake mutu umodzi susenza denga: abale a ku Tsangano agulitseko matumba a mbatatesi, a kumpingo asonkhe, gulu lanu la amayi losunga ndalama likubwereke, ndipo mbuzi zotsalazo zigulitsidwe zilipire ulendo m'malo mokathera kwa osanzitsa.

Podikira tsiku, dya ngati munthu amene akukonzekera nkhondo. Phala lothira nsinjiro kapena soya, dzira lophwanyira momwemo, mkaka ukapezeka, mapeyala, nthochi zakupsa, mbatatesi yopota ndi msuzi wa nyemba zosefa. Pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, utakhala tsonga, chakudya chitazirala, ndipo usagone utangodya kumene. Nyama yolimba, chimanga chokazinga ndi usipa wa minga uzisiye kaye. Ndipo leka kudya wekha kuseri kwa khitchini pobisa kutsamwa, ndikudziwa kuti ukutero, onse amatero. Tsiku limene madzi kapena malovu adzakane kutsika, kapena mpweya kuyamba kulira ngati wenzulo, kapena kusanza magazi, usadzadikire kuti kuche kapena kuti amalume afike. Njinga yamoto, chipatala.

Inu ena amene mukuwerenga muli ndi kapu ya madzi pambali pa mbale yoponderezera mbamu iliyonse, ndakuonani. Musatenge nkhani ya mwana wangayu n'kudzitonthoza nayo kuti nanunso chanu ndi chosaopsa. Chakechi n'chosowa, ndipo iye akudziwa dzina lake chifukwa adameza kapaipi ka diso. Kuvutika kumeza kumabwera ndi zambiri: zilonda zoyera za kummero zimene zimagwira anthu amene chitetezo chatsika ndipo zimachizika ndi mankhwala, mmero wopsa ndi asidi wa m'mimba, mmero wokana kutseguka kumunsi, ndi khansa imene. Kunja zonsezi zimamveka chimodzimodzi, ndipo palibe azakhali, mneneri kapena sing'anga amene angazisiyanitse ndi maso. Nsima ikayamba kuima, makamaka thupi likamatsika, milungu iwiri kapena itatu ndi yokwanira kudikira, pitani akakuoneni.

Iwe mwana wanga, sutikesiyo uitsegule usiku uno, kalatayo igone pansi pa pilo kuti m'mawa usaiiwale. Ukakabwerako undilembere. Sindikufuna kumva za msoko kapena za ma dripi, ndikufuna kumva za mbamu yoyamba imene idzatsike yokha popanda madzi, kuti idali ya ufa woyera kapena mgaiwa, ndiwo yake idali chiyani, ndipo apongozi adali atakhala mbali iti ya mphasa. Ndipo wina akamabwera kuno umupatsire kathumba ka mbatatesi ya ku Tsangano, ija yofumbutuka ukaphika, pakuti malangizo anga saali aulere ngati mmene anthu amaganizira.

Ndine,
Azakhali ako